Mtima m'Thumba la Chimanga

Sajeni Eneless Daka sankakonda milandu imene wodandaula amabwela atasankha kale wakuba wake, ndipo wa Lolemba lija unali wotelo. Asanakhale n'komwe pampando, a Ngulube, mkulu wa koleji ya zachipatala ya pamseu wa ku Nyimba, anali atamukankhila kale kalata pathebulo.

"Wakuba ndi uyo wakhala panjayo, Yvonne Sakala. Kalata yomuchotsa sukulu ndalemba kale, komiti ikhala 2 koloko kuti isaine. Inu mungomutenga."

"Ndimutenge ngati thumba la makala? Chabedwa n'chiani?"

A Ngulube anapuma mokweza ngati munthu amene wafunsidwa za ana. Chinabedwa chinali magalasi. Osati a maso ai, koma akuluakulu ovala kumutu ngati a owotchelela zitsulo. Kolejiyo inalibe mitembo yophunzilila, choncho ophunzila ankadziwa za m'kati mwa munthu ndi magalasiwo. Munthu mmodzi ankavala epuloni ya timabokosi takuda ndi toyela, wina n'kuvala magalasi. Ukamuyang'ana wa epuloniyo, khungu linkazimilila, n'kuoneka nthiti, mtima ukugunda, chiwindi, matumbo, zonse mbee.

"Ndiye amaona m'mimba mwa munthu?" anafunsa Eneless.

"Ai, amai, ai! Ndi zithunzi chabe zimene zili m'makinamo. Epuloni imangouza magalasi poziika. Ndipo tili nao amodzi okha, mayeso ndi Lachitatu."

M'chipinda chophunzilila munali kabati yachitsulo. Loko wake anali wosathyoka, wa pachitseko chimodzimodzi. Eneless anatsegula n'kuima kaye, manja m'chiuno. Bokosi la magalasi linalimo. Chaja choikila moto chinalimo, chopindidwa bwinobwino. Zosowa zinali magalasiwo ndi epuloni.

Ha! Zaka khumi ndi zinai akuthamangitsa mbava za mu Petauke, anali asanaonepo wakuba wofuna kugulitsa amene asiya chaja n'kutenga nsalu yonunkha thukuta. Anayang'ananso pansi. Simenti inali phuliphuli ndi polishi yofiila, popanda ndi phazi limodzi lomwe kupatula ake ndi a mkuluyo. Komatu m'menemo munali mutaphunzila anthu makumi anai Lachisanu m'mawa.

Yvonne anali pabenchi pakhonde, mawondo pamodzi, maso otupa. Anali wa chaka chachitatu, chotsiliza, ndipo kwao ku Sasare palibe wina anafikapo pamenepo. Eneless ankadziwa chimene dzina lolembedwa m'doketi ya polisi pa mlandu wa kuba limachita. Mtsikanayu akanapita kukalima, ndipo palibe chipatala chikanamuyang'ana kawili.

"Makiyi umasunga ndiwe?"

"Inde, amai. Ndine woyang'anila kalasi."

"Unatseka liti?"

"Lachisanu, 12 koloko. Zonse zinalimo."

"Makiyi anachokapo m'khosi mwako?"

"Ai."

"Ndiye polishi inadzipaka yokha?"

Mtsikanayo anayang'ana nsapato zake. Eneless anadikila, nyenje zikulila m'mitengo ya mango ngati zalipidwa, thukuta likutsika m'msana.

"Iwe, nthawi ino ndi 10. Ikakwana 2 koloko anthu aja asaina, ndipo ine sindidzakhala ndi pokugwila. Ukubisa ndani?"

"Palibe amene anaba, amai," anatelo Yvonne. "Amene mukumuganizila sangabe ngakhale nsingano."

"Ine sindinatchule munthu."

Yvonne analuma mlomo.

* * *

A Simon, mlonda wa pageti, anaima njo ngati ali pa paledi, buku lao m'khwapa.

"Bwana, pageti pano sipadutsa ngakhale nyelele osasechedwa. Mwana wa sukulu aliyense, chikwama pansi! Sakala anatuluka 3 koloko. M'chikwama: mabuku awili, chitenge chimodzi, sopo wotsala theka. Ndinalemba."

"Nanga antchito?"

"Antchito ndi antchito, bwana."

"Ndiye kuti chiani?"

"Ndiye kuti timadziwana."

"Amapaka polishi ndani?"

"A Vitalis Njobvu. Koma amenewo achotsenimo. Anatuluka 1 koloko panjinga, kachidebe kao ka chakudya kumbuyo, monga masiku onse. Ndi mkulu wa mpingo, bwana, ndingapisenso dzanja m'chidebe mwao? Ndiponso anapempha chilolezo. Akazi ao, amai Tasila, m'mimba mwawavuta, akiliniki anawalembela kalata yopita kuchipatala chachikulu. Pano tikunena ali kumeneko, akudwazika."

"Munawaonako?"

A Simon anatsegula buku lao n'kulitsekanso. Zimenezo munalibe.

Wachitatu kufunsidwa anali Teddy, wophunzila wa pakamwa posatseka, amene anabwela yekha asanaitanidwe, kolala ili m'mwamba.

"Madamu, ine nikuuzeni, Yvonne sangabe. Uja ngakhale bolopeni ya munthu amabweza na zikomo pamwamba."

"Epuloni amavala ndani?"

"A Njobvu, nthawi zonse. Ni oonda bwino, nthiti ungawelenge na maso. Manje ise timaona chithunzi, kenaka tigwila pathupi pao kuti tidziwe pamene chili. Zaka ziwili aimilila pamenepo mdala uja. Timawakonda maningi."

"Mumawakonda bwanji?"

Teddy anaseka. "Ah, timaseka nao chabe. Mwezi watha tinali pa matenda a chiwindi. Naika chiwindi chija chotupa, chamabalamabala, nati, 'A Njobvu, kachasu wakumalizani, onani!' Tinawavalika magalasi, taika galasi loonela kutsogolo kwao. Awe, mdala anachita kukhala pansi! Ati sanamwepo chibadwile. Kalasi yonse gwede kuseka."

"Kenaka?"

"Yvonne anakalipa. Anachotsa chija, waika chabwino, ati, 'Onaninso bambo, muli bwino, chiwindi chanu chilibe kanthu.' Mdala anamugwila manja onse awili, kuthokoza monga wamuchilitsa."

Eneless anamuyang'anitsitsa.

"Pa zaka ziwilizo, alipo anawauza kuti ndi zithunzi chabe?"

"Ah, madamu, aliyense adziwa."

"Aliyense ndani?"

Teddy anatsegula pakamwa. Kolala ija anaigwetsa yekha.

Eneless anapita pansi pa mtengo n'kuimbila nesi wina wa kuchipatala chachikulu, mnzake wa kwaya. Anamva mapepala akutembenuzidwa, wina akuitana wodwala patali, kenaka mau aja anabwelela.

"Tasila Njobvu? Akiliniki anatiimbila Lachisanu kuti akubwela, angafunike opaleshoni. Tinamudikila mpaka Loweluka. Sanafike."

* * *

Galimoto ya polisi inali ku Minga ndi mlandu wa ng'ombe, choncho Eneless analanda ya koleji ndi dalaivala wake yemwe, n'kukweza Yvonne. A Ngulube anatuluka akukupiza kalata ija.

"Mukupita naye kuti? Komiti ikhala 2 koloko!"

"Ikhale. Mipando ndi yanu."

Anasiya tala n'kulowa mseu wafumbi wa ku Kaumbwe. Galimoto inkadumpha m'maenje, fumbi likulowela pansi pa zitseko, minda ili mbee kudikila mvula. Eneless sankatha kukhala bwino. Ankayang'ana wochi, kuyang'ana mseu, kuyang'ananso wochi, kwinaku akukalipila dalaivala kuti akuyendetsa ngati wanyamula mazila.

Atadutsa mlatho wachiwili, Yvonne anayamba kulankhula yekha, osafunsidwa.

"Ndinawapatsa makiyi kuti apake polishi, ine ndikadye. Lamulo silola. Anandibwezela 1 koloko isanakwane. Ndikanena, awachotsa ntchito, ndipo ali ndi odwala pakhomo. Sangabe, amai, ndikulumbila."

"Sanabe kuti agulitse. Anatenga kuti akaone m'mimba mwa akazi ao."

Mtsikanayo anatembenuka pang'onopang'ono.

"Lachisanu munatsiliza ndi phunzilo lanji?" anafunsa Eneless.

"M'mimba mwa munthu wabwinobwino." Yvonne anagwila pakamwa. "Ukayatsa, amayambila pamene unasiyila. Mayo ine! Mayo!"

"Kulila uleke, sikuyendetsa galimoto."

Eneless anakalipa dala, chifukwa naye mtima unali m'mwamba. Nkhuyu zodya ana zipota akulu, ndipo apa zinali zitapota munthu amene sanalowepo n'komwe m'kalasimo.

Anawapeza a Njobvu pabwalo, atatembenuza njinga miyendo m'mwamba, akumata chubu. Anali mdala wamtali, woonda zoona, malaya otsukidwa bwino. Ataona yunifolomu sanathawe, sanadabwe. Anapukuta manja n'kukoka mipando iwili.

"Fikani, fikani. Muli tyani, amai? A Yvonne, mwananga, mwabwela na imwe?"

"Magalasi ali kuti, bambo?"

"Ali m'nyumba, nawasunga bwino m'chitenge. Nenze nibwele nao mailo, Lamulungu, njinga iyi ndiye yanichedwetsa. Kubweleka nabweleka, kupempha ndiye sininapemphe. Ico nalakwa, nivomela."

"Amai ali bwanji?"

Nkhope ya mdalayo inawala, ndipo kuwala kumeneko kunamuwawa Eneless kuposa chilichonse chimene anaona tsikulo.

"Mulungu ni wabwino! Akiliniki enze akuti mpeni. Lomba mkulu wake wa amai aŵa anapita ku mpeni, sanabwele. Nati yai, niyambe naona neka. Nawavalika epuloni, nayang'ana. Amai, zonse zili m'malo! Matumbo osalala, chiwindi chofiila bwino, mtima ugunda monga wa mtsikana. Ndipo pa Chiŵelu kuŵaŵa kunaleka. Lomba ni kufooka chabe."

"Kunaleka mwadzidzidzi?" anafunsa Yvonne.

"Monga kuzima nyale."

Yvonne sanapemphe n'komwe kulowa. Eneless anamutsatila. M'nyumba munali mdima ndi fungo la munthu wotentha thupi. Amai Tasila anagona chagada pamphasa, mawondo atawapinda, milomo yosweka, maso olowa, akupuma pafupipafupi ngati nkhuku ya padzuwa. Yvonne anagwada, anawagwila pamkono n'kuwelenga, milomo ikuyenda. Anaika dzanja pamimba, kumanzele kaye, kenaka kumanja m'munsi. Anakanikiza pang'ono n'kuchotsa msanga. Maiwo anakuwa mau amene anathamangitsa nkhuku pabwalo.

"Mimba yauma ngati thabwa," anatelo Yvonne, ndipo mau ake sanalinso a mwana wolila pabenchi. "Kathumbo kakang'ono ka kumanja kuno kanatupa. Kuwawa kunaleka chifukwa kanaphulika. Mafinya ali m'mimba monse. Tiwanyamule tsopano lino."

Koma potembenuka anapeza a Njobvu ataima pakhomo, manja atagwila mafelemu onse awili.

"Yai. Ku mpeni sapita. Naona na maso ŵangu."

"Bambo, zija ndi zithunzi!"

"A Yvonne, ndimwe munaniuza kuti chiwindi changu chili bwino. Munanama?"

Mtsikanayo anatembenukila kwa Eneless. Eneless anayeza mdalayo ndi maso. Kumukankha akanatha, iye ndi dalaivala. Koma panja anthu anali atayamba kusonkhana, achibale a maiwo ali patsogolo, ndipo wodwala wotengedwa mokakamiza pamaso pa abale ake safika patali. Mkangano wake ukanadya ola lathunthu, ndipo ola analibe.

"Bweletsani magalasiwo," anatelo Eneless.

Pakhonde panali thumba la chimanga loimika, lomanga kukamwa. Eneless analiveka epuloni ija n'kumanga zingwe kumbuyo. Anthu anayamba kung'ung'udza, wina anaseka. Yvonne anadina kabatani ka pambali, kanyale kofiila kakuphethila kuti moto watsala pang'ono, n'kuwaveka a Njobvu kumutu.

"Yang'anani thumbalo, bambo. Mutiuze chimene mukuona."

Mdalayo anayang'ana. Anapendeketsa mutu. Anasendela pafupi, n'kubwelela m'mbuyo. Anakweza magalasi, kuona thumba, kuwatsitsanso. Kenaka anatambasula dzanja n'kugwila pamene panali mtima, ndipo chimanga chinalila tsekeletseke pansi pa zala zake.

"Ugunda," ananong'ona. "Ni uja umozi. Ni uja naona mwa Tasila."

Palibe anasekanso. A Njobvu anavula magalasi n'kuwapeleka kwa Yvonne ndi manja awili, mosamala, ngati mbale ya mgonelo. Atatelo analowa m'nyumba n'kunyamula akazi ao okha, osalola wina kuwathandiza.

* * *

Pamene chitseko cha chipinda cha opaleshoni chinkatsekedwa, wochi ya pakhoma inali itadutsa 3 koloko. Dokotala wake, mai wamfupi wa mau ochepa, anamva zimene Yvonne anapeza, anagwedeza mutu kamodzi, n'kunena kuti ayesa koma salonjeza.

Foni ya Eneless inali italila kasanu. Kachisanu ndi chimodzi anayankha.

"Tasaina," anatelo a Ngulube. "Munachedwa."

"Ndiye mufufute. Magalasi ali pano m'manja mwanga, athunthu, ndipo sanatenge ndi mtsikanayu."

"Koma makiyi..."

"Za makiyi mumupatse chilango chosesa. Koma mukafuna mlandu, bambo Ngulube, ndiulemba wonse. Ndilemba kuti munthu waimilila m'kalasi mwanu zaka ziwili ngati chidole, ana akumuseweletsa, ndipo palibe mphunzitsi ndi mmodzi yemwe anamuuza chimene chinali pathupi pake. Khoti likamve zonsezo."

Kenaka Eneless anamva pafoni pepala likung'ambika, ndi mau otsika akuti mtsikanayo abwele Lachitatu, 8 koloko, asachedwe.

Eneless anamuuza Yvonne. Ankayembekeza kuti alumpha, kapena alila. Mtsikanayo anangogwedeza mutu, maso ali pachitseko chija, ndipo anati sachoka mpaka chitseguke.

A Njobvu anali pansi pasimenti, atatsamila khoma, nsapato za akazi ao zili pamiyendo. Eneless anakhala pabenchi pafupi nao n'kutulutsa kabuku kake. Mlandu unali utalembedwa kale kupolisi m'mawa, ndipo unkafunika sitetimenti kuti utsekedwe. Ntchito imeneyi anali ataichita kambilimbili, koma tsikulo bolopeni inamulemela.

"Munene mmene zinayendela, bambo. Pang'onopang'ono."

Ananena zonse, osakometsa. Makiyi anapempha okha. Polishi anapaka. Magalasi anaika m'chidebe, epuloni anavala m'kati mwa malaya. Mwanayo sanadziwe kanthu, ndipo anabweleza zimenezo kawili kuti zilembedwe bwino.

"Pali china choonjezela?"

Mdalayo anayang'ana nsapato zija nthawi yaitali.

"Pa Chisanu paja anilila, amai. Ati, 'Vitalis, nipeleke, nikufa.' Ine nati gona, naona, ulibe kanthu." Anasisita nsapato imodzi. "Masiku atatu iye abuula pambali panga, ine nigona tulo twabwino. Lembani na ico."

"Chimenecho si cha mlandu, bambo."

"Lembani."

Eneless analemba.